Tsiku Limene Dziwe Lidabala Nthanga za Maungu

Padangokhala, ndipo ndamva mwavomera kuti tili limodzi. Kalelo nyama zisanayambe kumangirana mipanda, padali mudzi wina umene nyama zonse zinkamwa padziwe limodzi. Dziwelo linkatchedwa Nsangalabwi, chifukwa ukawerama kuti utunge unkaona timiyala tapansi pake ngati tili m'dzanja lako. Amene adalawako madzi amenewo ankati ukamwa mmawa, ludzu linkakuiwala mpaka dzuwa kupendeka.

Mfumu ya mudziwo idali gogo Ntchefu, mayi wofatsa amene sankafuna kukhumudwitsa aliyense. Mlandu ukavuta ankangoti, "Tiyeni tiyambe tadya," ndipo pofika posamba m'manja odandaula ankakhala ataiwala chimene amakanganirana. Nduna yake idali Nungu, amene ankakwiya m'malo mwa mfumu kuti zinthu ziziyenda.

Koma chimene akale ankachikumbuka kwambiri chidali mmawa wa padziwe. Amayi akafika ndi mitsuko, Nkhanga ankakwera pamwala n'kuyambitsa nyimbo. Nyimboyo inkaitana banja lililonse potchula dzina, n'kulifunsa ngati ladzuka bwino. Banjalo linkavomera kuti ladzuka, ndipo onse pamodzi ankatsiriza ndi mawu oti madzi nawo adzuka. Palibe ankamiza mtsuko nyimbo isanathe. Banja likapanda kuvomera, onse ankadziwa kuti kumeneko kuli matenda, ndipo wina ankawatungira.

Mumkuyu umene udawerama pamwamba pa dziwelo munkakhala Gologolo. Ameneyu adali wabodza wotheratu. Adagulitsapo Nyani mazira a njoka akuti ndi a nkhwali, ndipo adauzapo Nungu kuti minga yake ikuthothoka kumbuyo, Nungu n'kukhala mwezi wathunthu akuyenda chammbali. Madzi sankamwa. Ankati madzi ndi osamba, iye zake zidali mowa ndi thobwa, ndipo paliponse pamene pafuka utsi wofulula ankapezekapo asanaitanidwe. Mnzake weniweni adali mmodzi, Nkhanga yemweyo. Adakulira limodzi, ndipo Nkhanga yekha ndiye ankaseka mabodza a Gologolo asanathe n'komwe kuwanena.

Chaka china kudabwera mlendo wochokera kumtsinje waukulu, dzina lake Mvuu. Adali wonenepa, waulemu, woseka mokweza. Adafunsira Nachanza, mwana wamkazi wa mfumu, ndipo adalowa m'mudzimo ngati mkamwini. Kulima ankalima ngati makasu khumi, koma dzuwa likafika paliwombo khungu lake linkang'aluka. Tsono adatumiza mawu kwa apongozi ake kupempha kuti masana azikabisala pang'ono m'dziwe. Gogo Ntchefu adati, "Mwana wa eni ake asatipsere kuno. Alowe."

Masana oyamba Gologolo adali panthambi akutafuna nkhuyu. Adaona Mvuu atalowa m'madzi mpaka m'khosi n'kutsinzina mosangalala. Kenaka kamchira kake kadayamba kupukusa, phaphaphapha, madzi a kumbuyo kwake n'kusanduka obiriwira. Gologolo nkhuyu idamugwa m'kamwa.

Pofika mmawa zonse zidali zitakhazikika pansi, madzi ali mbee ngati kale. Nkhanga adayimba, mabanja adavomera, mitsuko idamira.

Gologolo adathamangira kwa mfumu n'kuwapeza ali okha.

"Gogo, ndabwera ndi nkhani yoona."

"Iwe? Yoona? Khala pansi, lero kugwa mvula."

"Akamwini anu akudzithandiza m'dziwe."

Gogo Ntchefu adayang'ana uku ndi uku, makutu ali njenjenje. "Tsitsa mawu! Ukufuna ine, mpongozi wake, ndikamufunse mkamwini za kuchimbudzi? Ine amene ndikakumana naye panjira ndimapatuka? Ndipo madzi ndawaona ndekha mmawa uno, ali bwinobwino."

"Kuoneka akuoneka bwino, Gogo, koma..."

"Tamvera. Ukadzangotchula dzina la mkamwini wanga pamodzi ndi nkhani imeneyi, kwa wina aliyense, udzasamuka m'mudzi muno. Wadya?"

Gologolo adadya, poti chakudya sankakana, koma adatuluka akukanda mutu.

Posakhalitsa ana a Gwape adayamba kutsegula m'mimba. Adatsatira a kwa Insa, kenaka a kwa Nyani. Mmawa Nkhanga akaitana mabanja amenewa, pankangoti zii, ndipo iye ankadikira pang'ono n'kupitirira kubanja lina.

Gologolo adati mumtima, "Dzina andiletsa kutchula, koma nzeru sadandiletse." Adatsikira panthambi yammunsi, pafupi ndi khutu la Mvuu.

"A Mvuu, mwaswera bwanji? Ine mantha andigwira chifukwa cha inu."

"Mantha a chiyani, achimwene?"

"M'dziwe muno mwalowa ng'ona. Ndaiona ndekha, kutalika kwake ngati mtengo wa mgwalangwa. Ikuti ikufuna nyama yonona."

Mvuu maso adawala. "Ng'ona? Ameneyo ndi wakwathu! Mwina ndi Chimkombero, tinkasewera limodzi tili ana. Ali pati?"

Adamira, khuvuu! Adafufuza pansi ponse, akutembenuza miyala, akuitana mnzakeyo m'madzimo. Zonse zimene zidagona pansi zidadzuka, ndipo dziwe lidakhala lamatope mpaka madzulo. Mvuu adavuuka ali wokhumudwa.

"Wapita osandipatsa moni. Akadzabweranso mudzandiuze."

Mawa lake mabanja ovomera nyimbo adachepanso, ndipo ana ena adali atayamba kumwalira. Amene adavomera adavomera ndi mawu ofooka, ndipo potsiriza paja, ponena kuti madzi nawo adzuka, mawu a Nkhanga ndiwo ankamveka pamwamba pa onse.

Nyimbo itatha Gologolo adamukokera Nkhanga kuseri kwa mkuyu.

"Mnzanga, usamwenso madzi awa."

Nkhanga adayamba kuseka. "Lero wabwera ndi bodza liti?"

"Si bodza. Muli zoipa m'madzimu. Amene akuthiramo sindingamutchule, koma ndamuona ndi maso angawa."

"Gologolo, madzi awa adandimwetsa amayi anga ndisanamere nthenga. Taona, timiyala tonse tikuoneka. Choipacho chili pati?"

"Sichioneka. Bwera uzimwa thobwa kwanga, ndi lowiritsa."

"Ndi kamutu kangaka? Ndingayambitse nyimbo ya maliro paukwati." Adaviika mlomo m'madzi, n'kukweza mutu kumwamba monga amachitira, n'kumeza. "Ukapeza bodza lokoma kuposa ili undiitane."

Gologolo adapita kuthengo kukathyola chitedze. Adachinyamula mosamala m'masamba a nthochi n'kuchiwaza paudzu wa pamalo pamene Mvuu ankatsikira. Ankati Mvuu akayabwidwa adzaganiza kuti dziwe lamukana, adzathawa. Masana Mvuu adafika, adagubuduka paudzupo monga mwa chizolowezi chake, kenaka adaima chilili.

"Mayo! Ndapsa ine! Ndapsa!"

"Ndi dziweli, a Mvuu!" adakuwa Gologolo ali m'mwamba. "Mizimu yake yakukanani! Thawirani kuphiri!"

Koma Mvuu adadziponya m'madzi momwemo. Atakhala pang'ono adapumira m'mwamba, fuu.

"Ayi, achimwene, mizimu ya muno imandikonda. Kunjaku ndiye kwandikana. Madzi okhawa ndiwo akundiziziritsa."

Kuyambira pamenepo Mvuu adaleka n'kulima komwe. Adakhala m'dziwe osatulukamo, Nachanza akumubweretsera chakudya pagombe.

Ndipo tsiku lina mmawa amayi adafika ndi mitsuko, pamwala paja palibe munthu. Adadikira, adayang'anana, kenaka adatunga mwakachetechete. Gologolo adathamangira kwa Nkhanga n'kumupeza ali gone pamphasa, maso atalowa m'kati, milomo itauma. Adamuwiritsira madzi, adamuphikira phala lamadzimadzi, koma chilichonse chimene chinkalowa chinkatuluka.

"Tandinamiza kamodzi," adatero Nkhanga ndi mawu otsika. "Ndiseke."

"Sing'anga wanena kuti mawa udzuka."

Nkhanga adamwetulira. "Limeneli ndiye labwino kuposa onse."

Dzuwa lisanalowe adatsikira kuli chete.

Pamaliro Nungu adaimirira, minga yonse ili njo.

"Abale, tiyeni tifunsane. Mudzi wonse wagona. Ndani amene sadadwale ngakhale tsiku limodzi? Ndani amene samwa madzi amene tonsefe timamwa? Ndipo ndani adaonedwa akuwaza mankhwala paudzu wa padziwe?"

Maso onse adatembenukira kwa Gologolo. Mvuu nayenso sadadwalepo, poti mimba yake idazolowera za kumtsinje, koma ndani akadatchula mkamwini wa mfumu?

"Mfiti!" adakuwa wina kumbuyo. "Wadya mnzake yemwe!"

Gologolo adayang'ana gogo Ntchefu. Gogo Ntchefu adayang'ana pansi. Kenaka adati, "Tisachite zinthu mothamanga pamaliro. Akhale mpaka timete. Likatha tsiku lometa, mmawa wake achoke."

"Ndamva, Gogo," adatero Gologolo. "Ndingopempha chimodzi. Womwalirayu adali mnzanga. Mundilole chakudya cha tsiku lometa ndibweretse ine."

Adamulola, poti panalibe wina amene adali ndi mphamvu zopita kumunda.

Tsiku lometa litayandikira, Gologolo adatsikiranso panthambi yake ija.

"A Mvuu, padziwe pano pazizira. Nyimbo ya mmawa yasowa mwini."

Mvuu adausa moyo. "Ndimaiganizira tsiku lililonse. Inetu ndimaidziwa yonse, ndinkamvetsera ndili m'madzimu. Koma mawu angawa, ndikangoyamba ana amathawa."

"Mawu amakonzedwa. Mukuganiza kuti malemu adabadwa nawo aja? Chinsinsi chake ndinkachidziwa ndine ndekha."

"Chotani?"

"Nthanga za maungu. Ankameza zamphumphu, osatafuna. Mawanga oyera aja pathupi pake mumayesa chiyani? Zidali nthanga zimenezo."

Mvuu adatsegula pakamwa. "Zoona?"

"Mmene ndikukuonerani pano. Koma iye adali wamng'ono, zochepa zinkamukwana. Inu ndi thupi lanuli mufunika maungu ambiri, aawisi, ongomeza. Mukatero, mawa lake mmawa mudzayimba mpaka apongozi anu adzalira."

Pa tsiku lometa anthu adapeza mulu wa maungu pabwalo, wotalika kuposa nkhokwe. Nungu adauzungulira akununkhiza.

"Maungu awa akufanana ndi a m'munda mwanga."

"Maungu onse amafanana, a Nduna," adayankha Gologolo. "Idyani."

"Ndidye chakudya cha mfiti? Ine ayi."

Onse adakana chimodzimodzi. Ena adafutukula ana awo kuti asayandikire. Pamenepo Mvuu adatulukira, madzi akuchucha, adapereka ulemu chapatali kwa apongozi ake, n'kukhala pansi pafupi ndi muluwo.

"A Mvuu, musadye!" adatero Nungu. "Muli mankhwala!"

"Mankhwala ake ndikuwadziwa," adayankha Mvuu akutsinzinira Gologolo diso limodzi.

Adayamba kumeza. Dzungu lililonse ankangoliphwanya kamodzi, pho, n'kulikankhira kukhosi. Mudzi wonse udaima ukuonerera mpaka dzungu lotsiriza litalowa. Mvuu adapukuta pakamwa, adathokoza, n'kubwerera kudziwe akuyenda pang'onopang'ono.

Kutacha, Nungu adabwera kudzatulutsa Gologolo m'mudzi. Gogo Ntchefu adabwera nawo, ndipo amayi adali atafika kale ndi mitsuko. Gologolo adatsika mumkuyu ndi kamtolo kake.

"Ndikupita, Gogo. Koma lero kuli woyambitsa nyimbo watsopano. Ndiloleni ndimve, ndipite nayo m'makutu."

Mvuu adadzutsa mutu pakati pa dziwe, adakonza kukhosi, n'kuyamba. Mawu ake adamveka ngati mtondo ukugubuduzika pathanthwe. Adaitana banja la Gwape, adaitana la Insa, adaitana la Nyani, aliyense ndi dzina lake osaphonya, ndipo ankayimba ndi mtima wonse, maso ali chotsinzina. Koma palibe adavomera. Onse ankayang'ana pamadzi.

Dziwe lonse lidali litayera ndi nthanga za maungu. Zinkayandama kuyambira pagombe mpaka pakati, zina zitamatirira timaudzu totafunidwa, ndipo kumbuyo kwa woyimbayo zinkatumphukabe zina, kamchira kakupukusa.

Gologolo adatenga chikho cha mfumu, adatunga, n'kugwada.

"Imwani, Gogo. Madzi ake ndi omwe aja a masiku onse. Lero angovala mikanda kuti muwaone."

Gogo Ntchefu adayang'ana m'chikhomo. Nthanga zinkazungulira pang'onopang'ono pamwamba pa madzi oyera.

"Dziwe labala maungu?" adafunsa mkazi wa Gwape. "Zalowamo bwanji?"

"Ine adandiletsa kutchula dzina la munthu," adatero Gologolo, "ndipo sinditchula. Ndingofunsa, poti ndine woiwalaiwala. Kodi dzulo adadya maungu ndani?"

Onse adatembenukira kwa Mvuu. Kenaka mkazi wa Insa adataya mtsuko wake pansi, phwa, n'kuyamba kulira. Mvuu adatsegula maso, adaona nthanga zitamuzungulira, adaona nkhope za anthu, nyimbo n'kumuthera pakamwa.

"Kodi... kodi kuno simutero?" adafunsa. "Kwathu tonse timatero. Madzi amapita nazo."

"Kwanu madzi amayenda, bambo," adatero Nachanza mkazi wake, misozi ili mbwembwembwe. "Kuno amagona pompano, ife n'kumwa."

Gogo Ntchefu adathira madzi a m'chikho aja pansi. Tsiku limenelo sadanene zoti tiyambe tadya. Adati, "Gologolo adandiuza poyambirira. Ine ndidaopa manyazi, ndipo manyazi angawo aika ana m'manda. Masula kamtolo kako, Gologolo. Kuyambira lero, aliyense awiritse madzi asanamwe, ngakhale ayere bwanji."

Adayesa kulikapa dziwelo, koma ndowe zidali zitalowerera mpaka pansi pa miyala, ndipo adalisiya. Amuna adakumba chitsime kumtunda, pamchenga, adachitchinga ndi minga n'kuchiikira chivundikiro. Zimbudzi adazikumba kumunsi, kutali. Matenda adayamba kuchepa, kenaka adatha. Koma chitsimecho chidali chopapatiza, chotunga mmodzimmodzi, ndipo aliyense ankangofika, kutunga, n'kumapita. Akuluakulu ankamwa madzi owiritsawo akugwedeza mutu, amvekere, "Kupulumutsa apulumutsa, koma kukoma ayi."

Mvuu palibe adamuthamangitsa. Adapempha yekha kuti abwerere kwawo, ndipo Nachanza adati apita naye. Tsiku lonyamuka palibe adabwera kudzawaperekeza kupatula Gologolo, amene ankadumpha m'mitengo ya m'mbali mwa njira. Adayenda mtunda wautali. Pafupi ndi malire a mudzi Mvuu adaima.

"Achimwene, ng'ona ija kudalibe, eti?"

"Kudalibe."

"Kuyabwa kuja mudali inu?"

"Ndidali ine."

"Mawanga a malemu aja?"

"Adabadwa nawo."

Mvuu adagwedeza mutu. Sadakwiye. Adangoyang'ana m'mwamba, pamene padali Gologolo, n'kufunsa mofatsa.

"Tsono inu munkakhala pamwamba pa mutu wanga masana onse, tikucheza. Mudandiuza za ng'ona, mudandiuza za mizimu, mudandiuza za nthanga. Bwanji simudangonditsina khutu n'kunena kuti, 'A Mvuu, zimene mukuchitazi zikupha ana'? Ndikadatuluka tsiku lomwelo. Ndikadakumba dzenje langa kumunsi ndi mano angawa."

"Mfumu idandiletsa."

"Mfumu idakuletsaninso kuba maungu a Nduna, koma mudaba."

Gologolo adatsegula pakamwa. Iye amene sadasowepo chonena chibadwire, amene ankatha kupeka mabodza atatu munthu asanamalize kuyetsemula, adafunafuna mawu m'mutu monse osapeza ngakhale limodzi. Zoti nkhani yoona ingathe kungonenedwa kwa mwini wake, maso ndi maso, zidali zisanamufikepo m'maganizo.

Mvuu adadikira pang'ono, kenaka adati, "Tsalani bwino, achimwene. Malemu Nkhanga ankayimba bwino."

Adatsetsereka ndi mkazi wake kulowera kumtsinje waukulu. Mpaka lero Mvuu akaona anthu amamira, n'kusiya maso ndi timakutu tokha pamwamba, chifukwa manyazi aja sadamuchoke. Gologolo adakhala panthambipo mpaka awiriwo atazimiririka. Pobwerera adadzera kumanda, ndipo amene adamuona akuti adakhala pamenepo nthawi yaitali, akuyankhula motsitsa, osaseka ngakhale kamodzi.

Ine ndatula pamenepa, nthano yanga yafika pamathero.